Mphuno ya Nangozo

Loweruka lililonse pa Lizulu
bambo ankakazinga nkhumba pachiwaya
kuseri kwa milu ya kabichi ndi kachewere,
kuno Malawi, kutsidya kwa tala Mozambiki,
utsi wokha ukuwoloka wopanda chiphaso.

Madzulo ankabwera ndi yotsala m'pepala la simenti.
Mayi, Nangozo, asanamasule n'komwe:
"Mwaphanso yosathena, a Filimoni.
Ikununkha mkodzo iyi, ngati kuseri kwa shabini."
Bambo ankaviika mphuno m'pepalamo,
kukoka mpweya mpaka mapewa kukwera:
"Ikununkhira. Mumangodana ndi ntchito yanga basi."

Zaka makumi awiri ndi mphambu zisanu, mlandu womwewo.
Ankhoswe anaukhalira kawiri.
Malume Jelasi ananunkhiza nyamayo ngati mboni,
anati palibe kanthu,
kenako anadya umboni wonse.
Kuyambira pamenepo mayi anatchuka ndi matama.
Sanayankhe.
Ankangotsuka mbale yawo payokha,
ndi phulusa, kawiri.

Ine ndinapita kukaphunzira za chipatala.
Chaka chachiwiri, mayi atagona kale kumanda,
ndinakumana nawo patsamba la buku
lomwe silinadziwe n'komwe kuti kuli Nangozo.

Ndinakwera basi ya m'mawa, Juni akuluma makutu.
"Bambo, nkhani ija ndi majini."
Mpeni unaima m'malere.
"Majini? Mayi ako anali a Mvano,
sanagwidwepo mizimu iwo aja."

Ayi bambo, si majini obwebwetsa munthu.
Ndi malemba aang'ono amene munandipatsa osadziwa,
inu theka, iwo theka.
Kudenga kwa mphuno, pamalo osaposa sitampa,
kuli maloko a mitundu pafupifupi mazana anayi,
ndipo fungo limabwera ndi makiyi ake.
Loko wina dzina lake OR7D4,
ngati nambala ya minibasi.
Ameneyo amadikira fungo la nkhumba yamphongo.
Kwa ena amatseguka chitseko mpaka kumenya khoma.
Kwa ena kiyi imangozungulira,
pena osamva kanthu, pena kafungo kozuna.
Kusiyana kwake malo awiri okha, bambo,
monga mmene "kununkha" amasiyanirana ndi "kununkhira":
i ndi r,
tizilembo tiwiri toti mwana wa sitandade wani angafufute ndi malovu.

Pa tizilembo timeneto munagonera kufulatirana.

Lole ya feteleza inadutsa, chiwaya chinanjenjemera.
Mayi wina anafunsa mtengo wa chiwindi, sanayankhidwe.
Bambo anabaya nthuli ndi foloko ya waya,
kundifikitsira kumaso:
"Tanunkhiza iwe."

Ndinatsinzina.
Mafuta, mchere, khala la mtengo wa paini,
dizilo, anyezi wa pa benchi ya a Kadzakumanja,
ndipo pansi pa zonsezo,
patali,
ngati munthu akuitana kutsidya la dambo mphepo itamulanda mawu,
chinalipo.
Osati chonse chimene mayi ankathawira panja,
theka lake chabe.
Mwina loko mmodzi ndi wa Nangozo, winayo wanu.
Sindinayezetse. Mphuno ndiyo ikutero.

"Ndikumva, bambo. Pang'ono."

Anayang'ana nthuliyo nthawi yaitali
ngati kalata yomwe yafika mwini wake atasamuka.
"Ndiye sankanama."
Anaibweza m'mafuta.
"Zaka zonsezo ankangondiuza zimene akumva."

Sanalire. Mngoni salirira pamsika.
Anangowonjezera mchere pomwe anathira kale.

Masiku ano mnyamata wa zoweta amabwera ndi lezala
tiana ta nkhumba tisanathe mwezi.
Koma pena amagulabe yosathena kwa a ku Villa Ulongwe,
yotchipa,
ndipo yotsala ija salowa nayo m'nyumba.
Amadyera pakhonde, chipewa chaubweya kumutu,
chifunga chikutsika m'phiri kudzanyowetsa pepala,
chitseko atachikoka bwinobwino kumbuyo kwawo
kuti fungo lisalowe
m'nyumba mopanda munthu.